Kadontho Kabuluu Komwe Atate Ankafuna Kuona

Atate anazindikira kuti maso awo akutha chifukwa cha mawu omwe ine ndinalankhula mosaganiza. Tinali kuseri kwa nyumba yathu ku Chelstone, madzulo ena m'nyengo yozizira, iwo atawerama pa telesikopu yawo. Anandiitana kuti ndidzaone kanthu komwe anakhala akukasaka sabata yonse. Ndinaika diso pagalasi, ndipo pakati pa nyenyezi zoyera ndinaona kadontho kamodzi kosiyana ndi tinzake, kozungulira, kosathwanima.

"Ee, koma buluu wake!" ndinatero. "Ngati mkanda."

Atate anafunsa, "Wati buluu?"

"Inde. Inu simukumuona?"

Anandisuntha pang'ono n'kuyang'ananso, diso lamanja, kenako lamanzere, kenako lamanjanso. "Ine ndikuona phulusa," anatero.

Telesikopu imeneyi inafika pakhomo pathu chifukwa cha ulova. Atate anagwira ntchito zaka zambiri mufakitale ina ku Heavy Industrial Area, akusema zitsulo ndi kukonza makina. Zipani zitachuluka, boma litayamba kugulitsa makampani ake, fakitaleyo inapeza eni atsopano omwe anatseka mbali yomwe atate ankagwirako. Anabwera kunyumba ndi kalata ndi bokosi lawo la zipangizo. Kuyambira pamenepo ankayenda panjinga m'mayadi a ku Kabulonga ndi ku Woodlands, kukonza mapampu a madzi ndi mageti okanika kutseguka. Mzungu wina yemwe ankabwerera kwawo anawapatsa telesikopuyo chifukwa inakana kulowa m'katundu wake, komanso miyendo yake inali yothyoka. Anawonjezerapo buku la mapu a nyenyezi lomwe masamba ake anali atafufuma ndi chinyezi.

Amayi ankaitchula kuti mgolo wopanda ntchito, ndipo kunena zoona inkaoneka ngati mgolo wowonda, wokhala ndi kalilole wokumbika pansi pake. Atate anaipangira miyendo yatsopano. Ataona kuti nyenyezi ukaiika pakati pagalasi imathawa chifukwa thambo limayenda, anatenga mota ya chopukutira galasi la galimoto, anasema okha magiya, n'kulumikiza ku batire. Telesikopu inayamba kutsata nyenyezi yokha, ikulira pang'onopang'ono ngati filiji.

Mwezi ndi mapulaneti anatopa nazo msanga. Zomwe zinawagwira mtima ndi tinthu ting'onoting'ono tomwe bukulo linkati manebula ooneka ngati mapulaneti. Anandifotokozera kuti nyenyezi ikakalamba imavula mpweya wake n'kuutaya kunja, ndipo mpweyawo umawala mozungulira kanyenyezi kotsala pakati. Tambiri n'tating'ono kwambiri moti munthu wosadziwa amangoti ndi nyenyezi wamba. Atate ankatisaka kamodzikamodzi, ndipo kabuluu kaja, komwe kali pafupi ndi Mtanda wa Kummwera, kanali komaliza pa mndandanda wawo.

Kuchipatala cha maso tinapita tonse atatu ndi amayi. Adokotala anawaunika, kuwayeza, kenako anatiuza kuti madzi a m'maso mwawo anakhala akuchuluka kwa zaka, n'kumafinya mtsempha pang'onopang'ono popanda ululu. Diso lamanzere linali litatha kale. Lamanja linatsala ndi kabowo pakati, ngati munthu akusuzumira mupaipi. Anatipatsa mankhwala odontheza, n'kunena mosabisa kuti mankhwalawo angochedwetsa matendawo, mtsempha womwe wafa sungachire, ndipo kabowoko kazingocheperachepera.

"Mpaka liti?" amayi anafunsa.

"Sindinganene. Mwina chaka, mwina osakwana."

Pobwerera tinakwera minibasi. Titadutsa Northmead atate anati, osayang'ana aliyense, "Ndikanadziwa, ndikanayamba ndi kadontho kaja. Ndinkakasunga dala chifukwa buku likuti ndiko kokongola."

"Mudzakaona, atate," ndinatero. "Ndidzakajambula, n'kukakulitsa, n'kukawalitsa."

Ndinalonjeza ndisakudziwa ngati zimatheka.

Nthawi imeneyo ndinkagwira ntchito mu situdiyo yojambula zithunzi m'tauni, chakufupi ndi msika. Ntchito yanga inali ya pakompyuta: kuchotsa ziphuphu pankhope za akwatibwi, kuyeretsa kumbuyo kwa zithunzi za pasipoti, kukonza zithunzi zakale zong'ambika zoti ziikidwe pa mapepala a maliro. Mwini situdiyo anali mayi wa ku Copperbelt, waukali pakamwa koma wachifundo, ndipo tonse tinkawatchula kuti ba bosi. Ndikaweruka ndinkalowa m'malo ena ogwiritsira intaneti pamseu womwewo, n'kumawerenga zomwe anthu a kunja ankalemba. Ndinapeza kuti ena ankajambula timanebula timeneti ndi kakamera kapakompyuta kaja kochezera. Ankachotsa galasi lake, n'kumata kutsogolo kabotolo kapulasitiki kosungiramo filimu, chifukwa kamalowa ndendende pomwe pamalowa galasi la telesikopu. Timabotolo timeneto kusitudiyo tinali todzaza thumba, popeza anthu anali atayamba kusiya filimu.

Kamera yamtundu woyenera mu Lusaka sindinaipeze. Ang'ono awo a ba bosi, omwe ankapita ku Joni kukaoda zovala, ndiwo anandibweretsera. Ndinakawadikira ku Intercity, kokwerera mabasi, kuyambira m'mawa, oitanira mabasi akundikoka mkono uku ndi uku, wina Chipata, wina Kitwe, ndipo basi inafika dzuwa litapendeka. Kabokosiko ndinakaika mkati mwa bulauzi mpaka kunyumba.

Vuto linali lakuti kakameraka kamatsegula diso kanthawi kochepa zedi, kokwanira nkhope ya munthu koma osati kuwala kofooka kwa kumwamba. Kuti kazitsegula nthawi yaitali, pankafunika kutukula kamwendo kamodzi ka kachipangizo kakuda ka m'kati mwake, kamwendo kowonda ngati tsitsi, n'kuwotchererapo waya. Zaka zisanu m'mbuyomo atate akanachita zimenezi akuimba nyimbo. Tsopano anakhala pambali panga patebulo, Loweruka lina mvula ikugwa, manja awo ali pamawondo.

"Tsamiritsa chigongono patebulo," anatero. "Usapume pomwe ukukhudza. Ukawerenga kufika pa ziwiri, chotsa."

Ndinakhudza kamwendoko. Mtovu unadontha n'kulumikiza timiyendo titatu pamodzi. Ndinaika kachitsulo kowotcherera pansi n'kuyamba kulira, chifukwa kamera ina kunalibe.

"Ndaononga, atate."

"Wamva fungo la kupserera?"

"Ayi."

"Ndiye sunaononge. Tenga waya wamkuwa, uusasule, uuike pamenepo n'kutenthetsa. Umwa mtovuwo."

Tinamaliza kukuda. Ndinapsa zala ziwiri, koma kameraka kanagwira ntchito.

Kompyuta anandibwereka ba bosi, yakale yomwe inkangokhala m'sitolo. "Iwe mwaiche, uzanibwezela ilibe fumbi, wamvela?" anatero, akunditcha mwana m'chinenero chakwawo. "Na ba tate bako ubauze ati ni ine nabapasa." Sikirini yake inali chibokosi cholemera, ndipo ndinachinyamula pamiyendo mu minibasi kuchokera m'tauni mpaka ku Chelstone, osaona kutsogolo.

Kenako tinadikira. Kadonthoko kamakwera bwino madzulo mvula ikamatha, koma chaka chimenecho mvula inakana kutha. Tsiku lililonse dzuwa likamalowa ndinkaima pakhomo la situdiyo kuyang'ana kumwamba, ndipo tsiku lililonse mitambo inkabwera kuchokera kumpoto. Kunyumba ndinkaona kabowo ka atate kakuchepa. Poyamba ankaona nkhope yanga yonse. Kenako ankayamba ndi diso langa, n'kutsitsa mutu kuti apeze pakamwa. Anayamba kuthira tiyi pambali pa kapu. Njinga anaisiya atagunda mwala womwe wakhala pageti pathu chibadwire changa. Usiku ndinkagona ndikuwerenga masabata, ndipo mphepo ikawomba ndinkadzuka kukasuzumira pawindo ngati kwayera.

Kutayera, mavuto ena anayamba. Malaiti akapita, Chelstone yense ankada bii ndipo nyenyezi zinkadzaza kumwamba, koma kompyuta sinkayaka. Malaiti akabwera, kompyuta inkayaka, koma ba neba, bambo wa ku Luapula yemwe mpanda wake unagundana ndi wathu, ankayatsa getsi lalikulu lomwe linkawalira m'kamwa mwenimweni mwa telesikopu. Ndinapita kukawapempha.

"Awe sisi," anatero. "Nikazima apa bakawalala bazabwela. Mwezi watha banatenga batili ya motoka."

Sindinawaimbe mlandu. Ndinabwerera ndili kakasi. Mawa lake ndikuchokera kuntchito ndinapeza amayi, omwe ankanyoza mgolo uja, atazika nsungwi ziwiri m'mbali mwa mpanda n'kusokerera masaka atatu pakati pake. Anangondifunsa ngati mthunziwo ukufika.

Kupeza kadonthoko kunanditengera masiku atatu. Kakamera kamaona kachigawo kakang'ono kwambiri ka thambo, ndipo atate sankathanso kuona nyenyezi zolozera njira. Ankakhala pampando n'kumandiuza za m'mutu. "Yamba ndi Mtanda. Pa nyenyezi zinayi zija, tenga yofooka, ya mkono wamanja. Tambasula dzanja, uyeze zala ziwiri kupita chakumadzulo, ukwere pang'ono." Ndinkasuntha mgolo, kuyang'ana pasikirini, kupeza mdima wokhawokha, n'kuyambiranso. Tsiku lachitatu kanalowa pasikirini, kofooka, konenepa pang'ono kuposa nyenyezi zinzake. Ndinakuwa mpaka galu wa ba neba anauwa.

Chithunzi chimodzi chotere sichioneka kanthu. Ndi mdima wodzaza timchenga, kadonthoko kakubisala m'katimo. Koma timchengato timasinthasintha malo pachithunzi chilichonse, pomwe kadontho kamakhala pomwepo. Ukasanjikiza zithunzi zambiri, chimodzi pamwamba pa chinzake, nyenyezi kulunjika pa nyenyezi, mchenga umafafanizika ndipo chenicheni chimatsala. Umajambulanso zina utavundikira telesikopu, kuti udziwe zilema za kamera yeniyeniyo n'kuzichotsa. Zonsezi ndinkachita pakompyuta ya kuntchito, nthawi ya nkhomaliro ndi tikatseka, chifukwa ya kunyumba inkachedwa kwambiri.

Ndinatsegula zithunzi zoyamba. Pafupifupi zonse nyenyezi zinali zitakokeka ngati timphutsi. Mota ya atate inali yokwanira diso la munthu, koma kamera inkaona kugwedezeka kulikonse. Ndinasankha zochepa zomwe zinali bwinoko, n'kuzisanjikiza. Panatuluka kachizimezime kotuwa. Ndinakoka kuwala, mchenga unadzuka. Ndinawonjezera mtundu, panatuluka mawanga ofiirira ndi obiriwira ngati nsalu yomwe yasuluka pochapa. Ndinasindikiza chomwecho n'kupita nacho kunyumba.

Atate anachiika pafupi ndi mphuno, akuyendetsa mutu uku ndi uku. "Kali pati?"

Ndinagwira chala chawo n'kuchiika pamalopo.

"Ndikuona pepala lakuda," anatero.

Tinayesanso masabata atatu, ndipo zotsatira zinali zomwezo. M'sabata yachitatuyo tinapitanso kuchipatala. Adokotala anayeza, anayang'ana pepala la ulendo wathawo, ndipo sananene zambiri. Anangosintha mankhwala n'kuuza amayi kuti ayambe kuchotsa zinthu m'njira m'nyumba.

Tsiku lotsatira ndinachita chinthu chomwe mpaka lero chimandichititsa manyazi. Ndinalowa pa intaneti n'kutenga chithunzi cha nebula yomweyo chojambulidwa ndi telesikopu yaikulu ya akatswiri. Chinali chokongola mopitirira, choonetsa timizere ndi timikono ta mpweya tomwe mgolo wathu sukanationa. Ndinachisokoneza pang'ono kuti chisaoneke chakuthwa, ndinathirapo timchenga, ndinawonjezera buluu mpaka anakhuta. Imeneyi inali ntchito yanga ya tsiku ndi tsiku, ndipo ndinaichita bwino. Ndinasindikiza papepala lalikulu lonyezimira.

Ba bosi anachiona chikutuluka m'makina. Anachiyang'ana, n'kundiyang'ana ine.

"Iyi si yako."

"Ni ya ba tate," ndinayankha.

"Hmm. Ine sininaone chilichonse."

Linali Loweruka masana. Atate anali pakhonde, dzuwa likuwawomba. Ndinawapatsa pepalalo n'kuima pambali. Analiyandikitsa, analitalikitsa, anapendeketsa kuti dzuwa ligwerepo, kenako anaima osagwedezeka.

"Ndi buluudi," anatero chapansipansi. Kenako mokweza, "Amayi ake mwana! Tabwerani! Ndi buluudi!"

Amayi anatuluka manja ali ndi thovu la sopo. Atate ankaseka, misozi ikutsika, akuloza ndi chala. Chiyambire matendawo ndinali ndisanawaonepo akuseka choncho. Anandigwira dzanja n'kulifinya.

"Waona? Mota yanga yagwira ntchito. Giya zija ndinazisema ndi manja, popanda makina, ndipo taona zomwe zatuluka!"

Chakudya chamadzulo chinandikanika. Atate anauza ba neba pampanda, anauza mayi wogulitsa makala, ndipo anati mawa apita nacho kutchalitchi kuti akulu a mpingo anzawo akaone. Ndinagona ndikuwaona m'maganizo ataima pakati pa azibambo aja, akudzitama ndi ntchito ya munthu wina, ine ndikudziwa.

M'mawa amayi akuwamanga tayi atate, ndinaima pakhomo la chipinda chawo.

"Atate, chithunzicho si chathu."

Amayi anasiya tayi.

"Ndachitenga pa intaneti. Anajambula ndi anthu ena, ndi telesikopu yaikulu."

Atate anatembenuza mutu kundisaka mpaka anandipeza. "Chathu chili kuti?"

"Ndi chakuda chija."

Anakhala pabedi. "Ndiye dzulo ndimaseka chifukwa cha mota ya munthu wina," anatero. "Ndauza anthu." Ndinayamba kupepesa koma anakweza dzanja. "Maso ndi omwe akufa, mwanawe. Mutu ulipo. Ukanandiuza kuti zakanika, ndikanamva."

Anapita kutchalitchi amayi atawagwira chigongono. Pepala lija analisiya pabedi. Ine sindinapite.

Masiku anayi atate sanandilankhule kupatula moni. Chomwe sindinayembekezere n'chakuti amayi anandikalipira, osati chifukwa cha bodza koma chifukwa choulula. Tinali kukhitchini, akulankhula motsitsa mawu kuti atate asamve.

"Ukanangokhala chete. Chimakupweteka n'chiyani kuti munthu asangalale? Watsala ndi miyezi ingati yoona? Iwe wapeputsa mtima wako, wamusenzetsa iye."

Mwina ankanena zoona.

Mwezi wa Juni unali kumapeto. Mtanda unayamba kupendekera kumadzulo msanga, ndipo kumeneko kunali mtengo wa mapeyala wa ba neba. Kukangoda ndinkakhala ndi ola limodzi ndi theka kadonthoko kasanalowe m'masamba, ndipo tsiku lililonse nthawiyo inkachepa. Chaka chamawa atate sakanaona kanthu. Ndinapitiriza kutulutsa zipangizo ndekha. Tsiku lachisanu ndinajambula zithunzi makumi angapo, ndinaziyang'ana pasikirini, timphutsi tokhatokha. Ndinakhala pansi pafumbi, msana ku mwendo wa telesikopu, n'kuphimba nkhope ndi chitenje kuti m'nyumba asandimve.

Ndinamva chitseko. Atate ankabwera atavala jasi, dzanja likutsata khoma.

"Mota ikulira molakwika," anatero. "Ndaimva ndili m'nyumba. Ndigwire, undifikitse."

Ndinawatsogolera. Anagwada n'kuika zala zitatu pa chitsulo chomwe chinkavundikira magiya. Anakhala choncho nthawi yaitali, mutu uli chozyolika.

"Giya ili ndi dzino limodzi lodyeka. Likafika pa linzake imadumpha, kenako imathamanga kuti ipeze pomwe inali. Apa. Wamva?"

Sindinamve kanthu.

"Yatsopano sindingaseme. Koma ndikulimva likamabwera. Pakati pake imayenda bwino. Khala pakompyuta. Ndikati tsegula, utsegule diso la kamera. Ndikati tseka, utseke."

Ndinakhala pakompyuta. "Tsegula." Ndinadina. Ndinawerenga chamumtima, kudutsa khumi, kudutsa makumi awiri. "Tseka." Chithunzi chinatuluka pasikirini, nyenyezi zili zozungulira ngati mitu ya mapini.

"Zatheka, atate! N'zozungulira!"

"Usandiuze zomwe ndikudziwa kale. Dikira lidutse. Tsopano, tsegula."

Tinachita zimenezi masiku asanu. Awiri mwa masikuwo malaiti anapita tisanafike patali, ndipo tinangokhala mumdima, atate atagwada, ine ndikupempha chamumtima kuti abwere kadontho kasanalowe mumtengo. Tsiku lina anabweradi, koma patatsala mphindi zochepa. Kunkazizira moti zala za atate zinkauma pachitsulo, ndipo amayi ankabwera ndi botolo la madzi otentha kuti azifunditsa akamadikira dzino lija. Maondo awo anatupa. Za chithunzi chabodza sanazitchulenso, ndipo inenso sindinazitchule. Tsiku lachisanu ndi chimodzi kutangoda, kadonthoko kanali kale m'masamba.

Ndinatenga zithunzi zonse kupita nazo kuntchito. Ndinaziona chimodzichimodzi, kutaya chilichonse chokayikitsa, ngakhale mtima unkafuna kusunga. Ndinachotsa zilema za kamera, ndinasanjikiza, ndipo kompyuta inatenga nthawi yonse ya nkhomaliro ikuwerengera. Ba bosi anaima kumbuyo kwanga, akudya chinangwa chokazinga.

"Iyi ndiye yako?"

"Ndiyo."

"Usaipake monga mkwatibwi. Isiye mwamene ilili."

Ndinakoka kuwala pang'onopang'ono, ndikusiya pomwe mchenga unayamba kuonekera. Mtundu ndinaulinganiza ndi nyenyezi zoyera za pambali, osawonjezera kanthu. Chomwe chinatsala chinali kambale kakang'ono ngati nsawawa, kozungulira koma kotalikirapo mbali imodzi, ka buluu wofooka wopendekera ku mtundu wobiriwira. Pambali pake panali nyenyezi zitatu. Poyerekeza ndi cha akatswiri chija sichinali kanthu. Ndinachiyang'ana mpaka makasitomala anayamba kugogoda pakauntala.

Sindinachisindikize, chifukwa pepala limadya kuwala. Ndinachiika pakompyuta ya kunyumba, Loweruka masana, tinatseka makatani n'kupachika bulangeti pawindo. Ndinachikulitsa mpaka chinafika kukula kwa mbale yodyera. Atate anakhala pampando, nkhope pafupi ndi sikirini. Amayi anaima pakhomo.

Anayendetsa mutu pang'onopang'ono, kuchokera kumanzere, kutsika, kubwerera.

"Ndakapeza," anatero. "N'kozungulira. Mbali iyi n'kotalikirapo."

"Inde, atate. Nanga mtundu?"

Anayang'anabe. Anapukuta diso ndi mpango, n'kuyang'ananso.

"Mtundu palibe."

Dzanja langa linapita lokha pa mausi ya kompyuta. Ndinkadziwa pomwe ndikanadina kuti buluu achuluke mpaka mwina afike pomwe angamuone. Anamva kaphokoso kake.

"Usakhudze. Kameneka n'kathu?"

"N'kathu."

"Ndiye kasiye. Undiuze iweyo, koma usawonjezere."

Ndinawauza kuti sanali buluu wokhuta ngati wa papepala lija. Anali ngati madzi otsala m'beseni loyera ukatsukuluza nsalu ya buluu kachiwiri, ndipo m'mphepete ankapendekera ku mtundu wobiriwira. Anafunsa ngati pakati pali bowo, ndinati palibe, ndi podzaza. Anafunsa ngati kanyenyezi ka pakati kakuoneka, ndinati ayi. Anagwedeza mutu ngati mmisiri akulandira lipoti la ntchito. Amayi anatuluka, ndipo ndinawamva akufenthera kuseri.

Diso lija linatsekeka mvula isanabwerenso. Silinatsekeke tsiku limodzi. M'mawa wina anangofunsa ngati kwacha, dzuwa lili kale pakhonde. Ine ndi amayi sitinagwirizanepo pa nkhani ya kuulula ija. Iwo ankati buluu yekhayo yemwe atate anamuona ndinamuwononga ndi pakamwa panga. Ine nthawi zina ndimavomereza, nthawi zina ayi.

Chaka chotsatira atate anandituma kwa mnzawo wakale wa kufakitale, yemwe anali atatsegula kashopu kosema zitsulo ku Kabwata, kuti akaseme giya yatsopano. Ndinabwera nayo, anayendetsa chala chachikulu pamano ake onse, n'kunena kuti ndi yokhakhala. Ndinabwerera nayo kawiri, mnzawoyo akung'ung'udza kuti munthuyu sanasinthe. Kachitatu anailandira. Koma ine ndinaibisa m'kabati, chifukwa ndinkadziwa kuti ndikaiika, dzanja lawo silidzafunikanso pa mota. Ndinkanamizira kuti ndatopa, kuti sipanala yasowa. Anandifunsa katatu, ndipo kachitatuko sanafunse mofatsa.

"Ukufuna ndizigwada pafumbi mpaka liti? Ika giyayo."

Ndinaiika, iwo akundiuza nati yoyamba kumasula. Mota inayenda bwino, ndipo m'nyengo yozizira imeneyo ndinajambula timanebula tina tinayi. Atate ankatuluka nane, n'kukhala pampando atafunda bulangeti, akumvetsera mota. Nthawi zambiri ankagona pomwepo ndisanamalize, ndipo amayi ankabwera kudzawadzutsa kuti akalowe.